Ukandimverere Nyimbo, Tadala

Rimuka, Kadoma

Tadala mwana wanga,

Ndikulemba dzuwa lili paliwombo, nditakhala kuseri pansi pa mtengo wa mapeyala, pakuti magetsi a masiku ano amabwera ngati mlendo wosapangana naye, ndipo kandulo amayi ako amaibisa kuposa shuga. Iwe wapita ku Chegutu kukatsanzika kwa azakhali ako. Ukabwerako upeza nyumba yadzaza: uyu akufuna ukamupezere ntchito ku Mangalande, uyo akufuna nsapato za mwana wake, abusa akufuna kupereka pemphero lawo lalitali lija. Ine ndikhala pakona n'kumagwedeza mutu ngati ndikutsatira zonse. Choncho ndati bola ndilembe zanga papepala, pamene palibe wondidula pakamwa. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti umachimva bwinobwino ngakhale umandiyankha m'Chishona, ndipo ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono ukulondola ndi chala. Palibe kanthu. Koma uwerenge lero lomwe, usasungire m'ndege.

Za kupemphera, za kuvala zofunda, za kupewa anyamata a pakamwa potsekemera, amayi ako akuuza kale mpaka wakhuta. Ine nkhani yanga ndi imodzi, ndipo anthu akaimva adzati mdala uyu wapenga, dziko lili pamoto iye akukamba za gitala. Dzulo ndinaona gitala yako itatsamira kukhoma, kutali ndi katundu amene wamanga. Nditafunsa, unandiyankha osandiyang'ana: "Baba, ndiri kuenda kubasa, kwete kunoimba." Ukupita kukagwira ntchito, osati kukaimba. Ndinamva, chifukwa unaima kumanzere kwanga. Ukanaima kumanja bwenzi mtima wanga uli m'malo mpaka pano. Ukudziwa kuti khutu lamanja linafa kale. Chimene sukudziwa n'chakuti lamanzere nalo layamba ulendo womwewo, ndipo anamwino kuchipatala anandiuza mosabisa kuti chimene chapita sichibwerera. Ndiye iwe ukusiya kuimba, ine ndikusiya kumva, zonse pa nthawi imodzi. Zandiwawa, mwana wanga, ndipo sindikufuna kunamizira kuti sizinandiwawe.

Ndiyambe ndi makutu omwewo, pakuti ndinawaononga ndekha. Pamene ndinkayamba ntchito kufakitale ya nsalu, akapitawo ankatipatsa thonje loti titseke m'makutu tisanalowe m'chipinda cha makina oluka. Iwe sunalowemo m'menemo. Makinawo akayamba onse pamodzi mano amanjenjemera, ndipo munthu ali pafupi nawe umangomuona milomo. Tinkalankhulana ndi manja ndi nsidze. Koma ine, mnyamata wa m'komboni ya mgodi ku Battlefields, wokulira pa ng'oma za beni, ndinapeza kuti m'phokosomo muli kaimbidwe. Makina a kukhomo ankathamanga, a kuzenera ankatsalira pang'ono, ndipo pakati pawo pankatsala mpata woti munthu aikemo nyimbo. Ndiye thonje lija ndinkalichotsa n'kuliponya m'thumba, ndizipeka nyimbo zanga m'mutu tsiku lonse. Mdala wina wa ku Mulanje, wa makina oyandikana ndi anga, ankandikodola n'kundilozera khutu lake, ine n'kumamuseka. Iye anali atagontha kale, ndipo ndinkayesa kuti ndi ukalamba. Khutu silimeranso ngati chikhadabo, Tadala. Ukakapita kukamvera magulu a roko aja usakaime pafupi ndi sipika, ndipo timahedifoni tako uzititsitsa.

Tsopano ndikuuze za a Wisiki. Dzinali anawapatsa ndi mzungu wa kumgodi, eni ake mowa sankaulawa n'komwe. Ankagwira ntchito pa famu ina kuseri kwa Chegutu, kumene kunkakhala malume a amayi ako. Nthawi imeneyo iwe unali kumsana, ndipo ine ndinali katswiri wa nyimbo wodzisankha yekha. Ndinali ndi wailesi ya kaseti ya masipika awiri, magulu onse a ku Harare ndi a ku Joni ndinkawadziwa pamtima, ndipo ndinkakhulupirira kuti woimba weniweni amavala suti yonyezimira n'kuoneka pa chikuto cha rekodi. Lamlungu lina tinapalasa njinga kupita kufamuko ndi mnzanga wa kuntchito, Mshona wa ku Sanyati. Tinapeza mkulu wamfupi atakhala pa chitsa, akuliza banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Mnzanga anaseka, amvekere, "Achimwene vako avo," kutanthauza kuti abale ako ndi amenewo. Nanenso ndinaseka, mokweza kumuposa iyeyo, kuti asandiphatikize ndi banjo ya chigubu. Sindinamvere ngakhale mzere umodzi wa nyimboyo. Ndinaweruza ndi maso, pamene makutu anga onse awiri anali amoyo.

Ndinadzawamva bwino pa maliro a malume aja. Anthu atabwerako kumanda, akudikira sadza, nsima ya kuno, a Wisiki anakhala pamthunzi wa chigafa cha fodya n'kuyamba kuimba chapansipansi. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a Wisiki, kunena zoona, nkhope sinawakomere, koma nyimbo ankaidziwa. Inali nyimbo ya ulendo. Ankatchula malo amene anthu a kwathu ankadutsa wapansi pobwera kuno kudzafuna ntchito: pamene anawoloka mtsinje waukulu, pamene anagona m'mitengo kuopa mikango, pamene anasiya mnzawo wodwala ndi chikho cha madzi pambali pake. Mawu awo anali osasa, ndipo nsambo imodzi inali yosakokedwa bwino. Agogo ako, bambo anga, amene sindinawaonepo akulira ngakhale tsiku limene mgodi unawadula zala, anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Nyimbo itatha anangoti, "Mushe sterek," Chilapalapa chawo cha kumgodi, ndiko kuti zakoma zedi. Pobwerera, ndikuwapalasa pa njinga, anandiuza dzina la mnzawo amene iwonso anamusiya panjira. Ndinali bambo wa mwana kale, koma nkhani imeneyo ndinaimva koyamba tsiku limenelo.

Ndinawalonjeza a Wisiki kuti ndidzabwera ndi wailesi yanga ndidzawajambule pa kaseti. Anavomera, anangopempha kuti ndidzawabweretsere waya watsopano. Mwezi unatha, chaka chinatha, zaka zinatha. Nthawi zonse panali chifukwa: mabatire, ovataimu, mvula, iwe kudwala chikuku. Ndinkati a Wisiki ali pomwepo, famu sithawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezu wake ndi bambo akowa. Zinafika zaka zija mafamu anayamba kulandidwa ndi kugawidwa. Za mwini nthaka sindizilowa m'kalata ino, unazimva mokwanira. Ndikudziwa chabe kuti anthu a m'makomboni a m'mafamu, ambiri a iwo a mtundu wathu, analibe mudzi wobwererako, ndipo anamwazikana ndi mitolo pamutu. Tsiku limene ndinapalasa njinga, wailesi ili pa kaliyala, waya ali m'thumba, ndinapeza komboni ili bwinja, mbuzi zikugona m'chigafa. Ndinafunsa ku Chegutu, ndinafunsa okumba golide ku Battlefields, ndinakwera basi mpaka ku Sanyati potsata mphekesera. Mayi wina wogulitsa tomato anandiuza kuti anawaona akuyenda m'mbali mwa njanji, banjo ili kumsana. Sanadziwe kumene ankalowera.

Ndiye tamvera, Tadala. Kumene ukupitako, ukakamva munthu akuimba pa siteshoni ya sitima kapena pakona ya msewu, mtima wako n'kugunda, ima. Usati ndidzaima mawa. Usayang'ane jasi lake kapena chida chake. Mvera mpaka nyimbo ithe, umufunse dzina, umuuze kuti wakukhudza. Ngati akugulitsa chimbale chojambula yekha, ndipo ungathe, gula m'manja mwake. Umufunsenso kuti iyeyo amamvera ndani, pakuti woimba wabwino amakulozera kwa mnzake amene wailesi sidzakuuza. A Wisiki ananditchulirapo mayi wina wosaona wa ku famu yoyandikana nayo, amene ankati ndiye anawaphunzitsa kukoka nsambo, ndipo nayenso sindinapite kukamumva. Oimba otere sakhala pamalo amodzi, ndipo palibe kampani imene ikuwasungira mawu.

Usaganize kuti zitachitika zimenezi ndinachenjera. Uchitsiru womwewo ndinaubwereza pa nyimbo zako. Ukukumbuka pamene msuweni wako Esnati anayamba kutumiza zimbale kuchokera ku Mangalande, zolembedwa pamanja pamwamba, atazikulunga m'majuzi? Munkazitcha indi roko, ndipo unandifotokozera kuti ndi achinyamata ojambula okha nyimbo zawo m'magalaja ndi m'zipinda zogona, opanda kampani yaikulu. Ine ndinamvera pang'ono ndili chiimire n'kugamula mlandu. Ndinati awa ndi ana okhuta, akulira chifukwa chibwenzi chawasiya pamene ife tikuswera pamzere wa buledi. Ndinatinso magitala awo akuposa makina a kufakitale phokoso, ndipo ng'oma yawo sivinika. Unangoti, "Ndazvinzwa, Baba," ndiko kuti ndamva, n'kutsitsa voliyumu. Kuyambira pamenepo unkamvera ndi timahedifoni, ndipo ine ndinkayesa ndapambana.

Chinandigwetsa ndi ulova. Fakitale itayamba kutiitana masiku owerengeka pa mlungu, ndinkatsala pakhomo ndekha, iwe uli kusukulu, amayi ako ali pamzere. Tsiku lina magetsi anabwera masana, ndipo posowa chochita ndinaika chimodzi mwa zimbale zija. Nyimbo zoyamba zinali phokoso lomwe lija. Koma ndinachita ulesi kudzuka kukazimitsa, ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kumva kuti pansi pa phokosolo pali gitala ina yaing'ono imene ikuyenda njira yakeyake, kutsalira pang'ono monga makina a kuzenera aja. Kenaka kunabwera mtsikana ali yekha ndi gitala yopanda magetsi. Mawu ake ankasweka akamakwera. Ndinamva zala zake zikukhwekhwereza pa nsambo, ndinamva mpando ukulira, ndinamva akukoka mpweya. Sanafufute chilichonse. Chingerezi chake chinali cha kumapiri kwawo, mawu ambiri sindinawatole, koma ndinadziwa kuti akuimba za kuchoka pamudzi, pakuti nyimbo yotere ndinali nditaimvapo pamthunzi wa chigafa. Ndinaibwereza mpaka magetsi anapita. Amayi ako anandipeza maso ali ofiira, ndipo ndinawauza kuti ndi utsi wa kwa aneba.

Choncho nyimbo usaiweruze uli chiimire. Khala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ina imakukana tsiku loyamba, n'kudzakutsegulira tsiku lina utatopa kapena utasowa kwanu. Koma usachitenso kupembedza chilichonse chifukwa choti n'chosadziwika. Pa zimbale za Esnati zija panalinso zinyalala, ndipo pamenepo sindisintha mawu: gulu lija la mnyamata wolira ngati mphaka wopanidwa pachitseko linali loipa, ndipo likadali loipa. Ena sadziwika chifukwa dziko ndi logontha, ena sadziwika chifukwa Mulungu ndi wachifundo. Uzisiyanitsa ndi khutu lako, osati ndi la anzako.

Njira yanga yoyesera woimba ndinaipeza mochedwa, ndipo anandiphunzitsa ndi mavuto omwewa. Ndikunena za Loweruka lija masana ku holo ya ku Chegutu. Gulu la Farai, mnzako wa tsitsi losapesa uja, limene iwe unkaimbamo, linauzidwa kuti lidikire mpaka gulu lalikulu lochokera ku Harare litatha. A ku Harare anakwera pa siteji ndi masipika otalika ngati ine, ovina awo, majekete ofanana. Nyimbo ili pakati magetsi anazima, holo yonse zii. Jenereta inalipo, koma mafuta ake inali nkhani ina. Woimba wawo anayesa kupitiriza, koma zinapezeka kuti mawu onse aja anali a makina, akeake anali kamawu kosafika ngakhale pa mzere wachiwiri wa mipando. Anayamba kukulunga mawaya. Anthu atayamba kulunjika kukhomo akung'ung'udza, Farai anatenga gitala yako ija, woimba ng'oma wanu anatola ndowa ya mayi wosesa, ndipo munaima pakati pa holo, pansi penipeni. Anthu anabwerera n'kukuzungulirani. Ndinaona azibambo a ndevu akutontholetsana. Ndinaona iwe ukutseka maso n'kuyamba kuimba.

Ndinaona, Tadala. Kumva sindinamve. Ndinali kumbuyo pafupi ndi khomo, diso limodzi lili pa chikwama cha amayi ako, ndipo masipika atazima zonse zinandithawa. Ndinayesa kudzipanikiza kutsogolo, ndinatembenuza mutu kuti khutu lamanzere ligwire kanthu, koma ndinkangomva ndowa ija patalipatali. Milomo ndimatha kuiwerenga, fakitale inandiphunzitsa, koma milomo siuza munthu kakomedwe ka mawu. Mayi wina pambali panga ankapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, ndipo ndinamuchitira nsanje mayi ameneyo, munthu wosakudziwa, kuti akumva mwana wanga ine ndili phee ngati mzati. Pamene unathamangira kwa ine n'kundifunsa, "Manzwa here, Baba?" ndinati ndamva, yakoma kwambiri. Unasangalala, ndiye ndinazisiya choncho. M'basi pobwerera amayi ako anandiuza kuti nyimboyo unapeka wekha, ndipo kolasi yake inali ya m'Chichewa. Ndinawapempha kuti andiimbire pakhutu. Ukuwadziwa amayi ako: nyimbo iliyonse ikalowa m'kamwa mwawo imatuluka ili ya kwaya ya amayi a Lachinayi. Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira kuti khutu lotsalali likupita, ndipo sindinauze munthu.

Koma phunziro ndinalitenga ndi maso: woimba woyenera kumutsata ndi amene amatsala ndi kanthu magetsi akazima. Ku Mangalande akuti magetsi sazima, ndiye uzikawazimitsa wekha m'mutu. Ukamva gulu, uzidzifunsa kuti atalilanda masipika ndi nyali zamitundumitundu, chingatsale n'chiyani. Esnati akuti oimba otere amapezeka m'tizipinda ta kuseri kwa malo omwera, m'maholo a matchalitchi, m'zipinda za pansi pa nyumba, kumene omvera onse angakwane m'kombi imodzi, minibasi ya kuno ija. Uzipita kumeneko. Upite ndi mnzako, umwe zoziziritsa kukhosi, udziwe nthawi ya basi yomaliza, ndipo mnyamata wa gitala akakuuza kuti wakupekera nyimbo, umufunse kuti ndi atsikana angati anaimva kale. Pamenepa ndikulankhula monga munthu amene anaimbirapo amayi ako nyimbo imene poyamba inali ya mtsikana wina.

Ukakhala mlendo kumeneko, koma usaope, ntchito imeneyi banja lathu laigwira nthawi yaitali. Ine ndinabadwira ku Battlefields, dziko la agogo ako ndinangolimva m'nkhani, koma chitupa changa chimanditchabe mlendo. Amatiseka kuti ndife anthu opanda mudzi. Mwina n'chifukwa chake oimba opanda kampani aja ndinafika powamvetsa, nawonso alibe wowaimira kumbuyo, amasenza zawo okha. Ukakafunsidwa kuti ndiwe wa kuti, usakadule nkhani kuti ikhale yaifupi. Unene kuti ndiwe wa ku Kadoma, wa makolo a ku Malawi. Ukafuna kuimba, uimbe m'chilankhulo chimene nyimboyo yabwera nacho, kaya Chishona, kaya Chingerezi, kaya Chichewa chako chopindikapindika chija. Usakaseke mtundu wako kuti mnzako akukonde. Ine ndinayesa, ndipo mnzanga wa ku Sanyati uja ngakhale dzina lake landithawa.

Ndikudziwa chimene chakusiyitsa gitala. Waona mashelefu opanda kanthu, waona amayi ako akudzuka tambala asanalire kukagwira malo pamzere, ndipo wadziuza kuti munthu wamkulu saimba kwawo kuli njala. Sindikunamiza, mari, ndalamayo, tikuifuna, ndipo ukatumiza sitidzabweza. Koma sitinabereke chikwama, tinabereka munthu. Ntchito yosamalira okalamba imene Esnati wakupezera ndi yolemetsa. Udzasambitsa anthu osakudziwa, ena adzakutukwana, udzabwerera kuchipinda chozizira miyendo itatupa. Agogo ako ankatuluka mumgodi atatheratu, koma Lamlungu ankavala yunifolomu ya beni n'kuvina mpaka fumbi kobo. Ndili mwana ndinkayesa n'kutaya mphamvu. Tsopano ndikuona kuti n'chimene chinkawalowetsanso mumgodi Lolemba akadali munthu. Ndawaona ana a anzanga amene anapita kunja. Amatumiza katundu, amamanga nyumba, koma akabwera kudzacheza maso awo ndi ouma, ndipo ng'oma ikalira ngakhale phazi sagwedeza. Ndikuopa kuti zimenezo zingakugwere iwe.

Tsono pempho langa loyamba ndi ili: ukandimverere. Foni ndi ine tayamba kudana. Ukadzaimba ndizidzangoti eya, eya, ndipo amayi ako azidzandimasulira zimene akufuna iwowo. Uzindilembera. M'kalata iliyonse, ukatha za nyengo ndi za ntchito, undiuze za woimba mmodzi amene wamupeza. Dzina lokha silindithandiza. Undiuze kuti anaima bwanji, zala zake zinkatani, mawu ake anali onenepa kapena owonda, anthu anatonthola pati, ndipo iwe unamva chiyani m'chifuwa. Ngati anali woipa undiuzenso, tiseke limodzi. Maso anga akadali bwino, ndipo munthu amene anamvapo nyimbo zambiri ngati ine akhoza kuimanga m'mutu ukamupatsa zipangizo. Koma kuti uzindilembera zoona uyenera kukhala ukuimba iwe mwini, pakuti wosiya gitala amayamba kulambalala malo amene magitala akulira.

Za malo m'katundu ndakambirana ndi amayi ako. Iwo ati bulangete lachiwiri silichoka, ine ndati ku Mangalande mabulangete aliko, ndipo mlanduwo ukadali m'khoti. Gitala imeneyi tinaigula kwa mphunzitsi uja ankathamangira ku Botswana, ndipo ndikukumbuka mmene ankaisisitira nkhope ili yakugwa asanaipereke. Nkhope imeneyo sindikuifuna pa iwe. Komabe ndiwe wamkulu tsopano, wosenza ndiwe. Ukaisiya sindidzaipereka kwa munthu, ndizidzaipukuta fumbi. Koma udziwe kuti ine ndikufuna uitenge.

Pempho lachiwiri ndi la mawa. Basi ya ku Harare inyamuka dzuwa litakwera, ndipo ndawauza amayi ako kuti asakutume kanthu m'mawa, ngakhale kutunga madzi. Alendo asanabwere, utenge gitala tikakhale patokha. Ukhale kumanzere kwanga, pafupi, bondo lako ligunde langa, ndipo undilole ndiike dzanja pa thabwa la gitala. Undiimbire nyimbo ija ya ku Chegutu, yonse, mokweza, usachite manyazi ndi aneba. Ukalakwitsa usayambirenso. Ndikalira usasiye. Sindikudziwa kuti udzabwera liti, ndipo sindikudziwa ngati khutu ili lidzakudikira. Ndikufuna kuti mawa ukandifunsa ngati ndamva, ndikuyankhe zoona.

Uyende ndi Mulungu, mwana wanga.

Bambo ako